Phiri la Mulanje, Alendo Ake ndi Utsi wa Ndege Zao



M'mwezi wa Julayi chaka cha 2025, akuluakulu a bungwe la UNESCO, atasonkhana mu mzinda wa Paris, analemba phiri lathu la Mulanje m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga monga chuma cha makolo. Mbiri imeneyi itamveka pa wailesi ambiri a ife tinakondwa, ndimo panali chifukwa. Pakuti dzina likamveka kutali alendo amachuluka, ndipo alendo akachuluka ndalama imagwa pa Likhubula, pa Chitakale ndi pa boma pomwe. Koma chiyambire nthawi imeneyo funso lina lakhala likumveka m'malimana ndi pabwalo la tchalitchi anthu akatuluka mu Misa, makamaka kwa iwo amene nyumba zao zinapita ndi madzi a Freddy. Iwo akuti: tinamva kuti mvula yoononga ija ikukula chifukwa cha utsi wa anthu a maiko olemera, tsono tikondwere bwanji kuti anthu omwewo akwere ndege zofuka utsi, nabwere kudzaona phiri limene linatigumukira? Funso limeneli si lachibwana ai, ndipo mwezi uno tafuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi.

Tiyambe ndi mlendo mwini wake, ndi zimene amasiya. Iye amafika pa Likhubula ndi katundu wake, maso ali ku Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002, imene ilibe inzake m'dziko lonse la Malawi. Koma njira saidziwa, ndimo katundu sangathe kukwera naye yekha. Pamenepo amalemba mnyamata womtsogolera ndi ena omsenzera. Makolo athu anali kutchula anthu otere kuti amtengatenga, dzina limene masiku a thangata linali la misozi, popeza munthu ankasenza mosafuna; lero mnyamata amasenza mwa kufuna kwake, atapangana mtengo. Amakwera naye mlendoyo ku Chambe, kapena ku Lichenya, ku Thuchila, ku Sombani, ku Chisepo, kumene kuli tinyumba togonamo apaulendo, ndipo m'kanyumba kalikonse muli mlonda amene amasonkha moto ndi kutunga madzi. Akatsika patapita masiku atatu kapena anai, mnyamata uja ali ndi kanthu m'thumba.

Tsono tsatirani ndalama imeneyo muone kumene ipita. Pang'ono ipita kwa mai wogulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa mseu. Ina kwa wa chigayo. Ina kwa wa kabaza amene anatenga mwana wodwala kupita naye ku chipatala. Ina ku sukulu, kumene mlongo wake wa mnyamatayo akadabwezedwa chifukwa cha fizi. Ndimo kachigawo kena, tikhulupirira, kamafika m'mbale ya chopereka Lamulungu. Ndalama imodzi yomweyo yadyetsa nyumba zisanu dzuwa lisanalowe kawiri. Anthu ophunzira za chuma akamanena kuti chuma cha dziko chikukula, sanena chinthu china chozizwitsa koma chomwechi: kuti zimene anthu alima, apanga, agulitsa ndi kugwirirana nchito chaka chino zaposa za chaka chatha.

Pali chinanso chimene boma limachiyang'ana koposa. Mlendo wa kunja amabwera ndi ndalama za kwao, madola kapena mapaundi, ndipo izi ndizo zimene dziko limagulira mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'chipatala, popeza ogulitsa zinthu zimenezi salandira kwacha. Tonse tikumbukira Novembala wa 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, thumba la feteleza n'kukwera mtengo osaliyambanso. Muzu wa bvutolo unali kusowa kwa ndalama za kunja. Chiyambire 1891, pamene Henry Brown anabzala tiyi ku Thornwood, Mulanje wakhala akupezera dziko ndalama zotere ndi masamba ake. Koma tiyi amakwezedwa pa lole, nagulitsidwa ku Limbe, nachoka osabwereranso. Phiri lokha ndilo malonda odabwitsa, pakuti wogula amadzitengera yekha miyendo kudza kuno, amakhuta ndi maso, ndipo akapita phiri lili pomwepo kudikira wina. N'chifukwa chake masomphenya a dziko otchedwa Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika nchito yokopa alendo pakati pa zinthu zoti zichirikize chuma chathu.

Zonsezi n'zoona, ndipo munthu amene angazikane sanagonepo ndi njala. Koma tsopano titembenuze nsalu tione kunsi kwake.

Chinthu chilichonse chikapsa, kaya ndi nkhuni, malasha a pansi pa nthaka, petulo kapena mafuta a ndege, chimatulutsa mpweya wosaoneka ndi maso, umene ophunzira amautcha kaboni dayokisaidi. Mpweya umenewu Mulungu anaulenga wabwino, ndipo mitengo ndi chimanga zimaumwa kuti zikule. Nchito yake ina ili ngati ya bulangeti: umasunga kutentha kwa dzuwa kuti dziko lisazizire kopitirira usiku. Koma bulangeti limodzi lifunditsa, asanu atulutsa thukuta. Anthu asanayambe mafakitale akulu a ku Ulaya, mpweyawu unali magawo 280 pa magawo 1,000,000 a mpweya wonse wa mlengalenga. Lero wapitirira 420. Dziko likutenthera-tenthera, ndimo chaka cha 2024 chinaposa zaka zonse zimene zinayesedwa m'mbuyo mwake. Nyanja ikafunda imatulutsa nthunzi yambiri, monga mphika wa pamoto waukulu. Mpweya wofunda umanyamula madzi ochuluka. Ndipo mitambo yolemera chotero ikagunda khoma la phiri ngati lathuli, imakhuthula zonse pamalo amodzi.

Nanga alendo alowapo bwanji pamenepa? M'chaka cha 2018 ophunzira a ku yunivesite ya Sydney, ku Australia, anawerengera utsi wonse wochokera m'maulendo okaona malo, kuphatikiza ndege, galimoto, nyumba zogona alendo, chakudya ndi zogulagula, ndipo anapeza kuti ukwana ngati magawo 8 pa 100 a mpweya wonse wotenthetsa dziko. Kuti timvetse bwino, titenge munthu mmodzi wochokera ku London. Ulendo wake wa pa ndege, kubwera kuno ndi kubwerera, umatulutsa mpweya wa kaboni wopitirira tani imodzi pa mpando wake wokha. Mmalawi mmodzi, tikawerengera mafuta ndi malasha amene dziko lathu limatentha, amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani pa chaka chathunthu. Ndiye kuti mlendo uja, m'masiku awiri okhala mumlengalenga, watentha zimene mnyamata womsenzera katundu sangazitenthe pa zaka 10. Ndimo apa pali unyolo wobvuta kuudula: dziko likalemera anthu ake amayenda kwambiri, akayenda dziko lolandira limapeza chuma, koma utsi nawo umakwera, ndipo sukhala pamwamba pa mudzi wa amene anaufukiza; mphepo imaugawira onse, olakwa ndi osalakwa.

Tisanamizane komabe. Napolo sanabwere ndi ndege. Agogo athu anamdziwa kale, namuyesa chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikasamuka chimang'amba nthaka. Anagwa ku Zomba mu Disembala 1946, ndege zili zowerengeka. Anagwanso ku Michesi mu Malichi 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, natenga anthu mazanamazana. Mapiri otsetsereka agumuka chiyambire kale. Chimene chasintha ndi kulemera kwa mvula ndi kufupika kwa nthawi yopumira. Idai anadza mu 2019. Ana mu Januwale 2022, nathyola damu la magetsi la Kapichira. Gombe patangopita milungu yochepa. Ndimo mu Malichi 2023 anafika Freddy, namondwe amene anabadwira kufupi ndi Australia, nakhala moyo masiku 36, kuposa wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Akufa pamodzi ndi osowa m'dziko muno anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zao. Sitifunika kukufotokozerani inu a ku Muloza ndi a m'mbali mwa Ruo za miyala yaikulu ngati nyumba imene inatsika usiku. Mukuiona m'minda mwanu kufikira lero. Ophunzira amene anafufuza mvula ya Ana anatsimikiza kuti kutentha kwa dziko kunaionjezera mphamvu.

Tsono kodi titseke njira ya ku Likhubula, tiuze alendo kuti akhale kwao? Yankho lake tinalilawa kale, osalifuna. M'chaka cha 2020, mliri wa korona utagwa, ndege zinaima m'maiko onse, ndipo utsi wa dziko lapansi unatsika ndi magawo 5 kapena 6 pa 100. Koma chaka chotsatira unakweranso monga kale. Kuno tinyumba ta paphiri tinakhala totseka, anyamata anakhala pansi pa mitengo kuyembekeza galimoto zosafika. Mwana akalira ndi njala bambo safunsa za mlengalenga, amatenga nkhwangwa. Amene dzulo anali kuonetsa mlendo mtengo nauyamikira, lero anali kuuyesa ndi maso kuti utuluka matumba angati a makala. Phunziro limene tinatengapo ndi lowawa: mlendo akasowa, utsi wa ndege uchepa pang'ono kutali, koma utsi wa uvuni wa makala uchuluka pafupi, m'mbali mwenimweni mwa phiri.

Pano tafika pa mlandu wathu ife eni, ndipo tisauzembe. Chiwerengero chija chonena kuti Mmalawi atulutsa utsi wochepa sichiwerengera nkhalango imene tikuitentha. Mtengo uli ngati nkhokwe ya mpweya wa kaboni: ukamakula umasonkhanitsa, ukapsa umakhuthula zonse tsiku limodzi. Ndiponso mizu yake ndiyo zala zimene zimagwira dothi pathanthwe, ndi masamba ake ogwa ndiwo chinkhupule chimene chimamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono mu Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Ruo mpaka mwezi wa Okutobala. Mvula yolemera ndi mlandu wa maiko akutali. Koma kuti ipeze phiri lili lamaliseche, umenewo ndi mlandu wa nkhwangwa ndi machesi athu.

Taonani za mkungudza. Dzina limeneli mumalimva m'Malembo Oyera, ponena za mitengo ya ku Lebanoni imene mfumu Solomoni anamangira Nyumba ya Mulungu. Koma mtundu wa mkungudza wathu kwao kwenikweni ndi paphiri la Mulanje pokha. Alexander Whyte anautola mu 1891, ndipo dzina lake la m'mabuku a ophunzira limakumbutsa iyeyo. Thabwa lake n'lonunkhira, chiswe sichilidya, madzi saliwoletsa msanga, ndimo ubwino womwewo ndiwo unauphetsa. Boma la atsamunda linaika phiri m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927, koma linapitiriza kucheka. Boma lathu linautcha mtengo wa fuko mu 1984, macheka osaleka. Kunabweranso tizilombo toyamwa madzi a m'nthambi, ndi moto wa alenje a mbewa ndi akalulu chaka ndi chaka. Mu 2017 anthu anayenda phiri lonse kuwerenga mikungudza ikuluikulu yotsala, napeza 7 yokha. Isanu ndi iwiri, abale, pamene makolo athu ankayenda tsiku lathunthu mumthunzi wake!

Ndipo apa mlendo ndi mwini mudzi anagwirizana pa choipa, ngakhale onse awiri sanachione chotero. Matabwa ambiri anapita ku madenga, ku zitseko ndi ku mabwato, inde. Koma ndani wa ife sanaone timabokosi tonunkhira ndi ndodo zosemedwa bwino zikugulitsidwa kwa alendo patsinde pa phiri? Mlendo anati ndikuthandiza mmisiri wosauka. Mmisiri anati ndikudyetsa ana. Ndimo pakati pa chifundo cha wina ndi umphawi wa mnzake, mtengo umene unakula zaka mazana unatha m'sabata imodzi. Uku kunali kugulitsa nkhuku yoikira mazira pamtengo wa dzira limodzi. Tiyamika a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a nthambi ya za nkhalango, pamodzi ndi amai ndi abambo a m'midzi yozungulira phiri, amene anafesa mbeu m'manazale nakweza mbande zikwi mazanamazana pamutu kukabzala pamwamba. Koma mbande siopa china koposa moto, ndipo nchito ya zaka zitatu imatha ndi kamtengo kamodzi ka machesi masana a mu Seputembala.

Maganizo athu tsono ndi awa. Mlendo tisamkane, koma tisamuyesenso mpulumutsi. Utsi wa ulendo wake ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa pokhapokha ndalama yake ikatsala patsinde pa phiri, ndi kuchititsa kuti mtengo woimirira ukhale waphindu kuposa wogwetsedwa. Si mlendo aliyense amene amabweza. Alipo wina amene amalipira zonse ali kwao, kwa kampani ya ndege ndi ya maulendo. Amafika m'galimoto lotseka mawindo, chakudya cha m'zitini atagula ku Blantyre, najambula chithunzi pa Dziwe la Nkhalamba, nabwerera tsiku lomwelo. Ameneyo watisiyira utsi ndi mapepala a masiwiti basi. Alipo wina amene amakhala milungu iwiri, amalemba anyamata a m'mudzi, amadya nsima ya nandolo ndi nanazi wa kuno, amagona m'nyumba za eni dziko. Ndege ya onse awiri inatentha mafuta ofanana, pakuti ulendo wa ku London sufupika chifukwa munthu wakhala masiku ochepa. Koma wachiwiriyu wasiya chakudya cha mabanja ambiri pa utsi womwewo. Chifukwa chake nzeru si kuwerenga mitu ya alendo pa chipata, koma kuwerenga masiku amene agona ndi manja amene alandira.

Tisaiwalenso mlendo wa pafupi. Ana a sukulu a ku Limbe, a kwaya a ku Thyolo, banja la ku Zomba lobwera pa minibasi, kapena khamu lija limene limadzaonerera mpikisano wa amtengatenga othamanga kukwera ndi kutsika phiri m'nyengo yachisanu: awa alibe madola, koma utsi wao ndi wochepa, ndipo mliri kapena nkhondo ya kutali siiwaletsa kubwera. Tikuchita manyazi kunena kuti alipo akulu obadwira ku Chitakale amene sanapondepo pa Chambe, pamene munthu wa ku Japan wafikapo kawiri.

Ena amati chuma sichingakule popanda utsi. Kale zinali chomwecho, koma si lamulo la Mulungu. Dziko la Britain, limene linayamba kulemera ndi malasha, linatseka nyumba yake yomaliza yopangira magetsi ndi malasha mu Seputembala 2024, ndipo utsi wake watsika kufika ngati theka la umene unali mu 1990, chuma chake chili chikulirebe. Ife tili ndi mwai wina: magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndimo kuno kwathu ku Bondo madzi a Lichenya amazunguza makina aang'ono amene amaunikira midzi, sukulu ndi chipatala popanda utsi ngakhale pang'ono. Madzi a Likhubula nawo amayenda m'mipope kukamwetsa anthu a ku Blantyre. Koma makina a ku Bondo, mipope ya ku Likhubula, minda ya tiyi ndi thumba la mnyamata wosenza katundu, zonsezi zapachikidwa pa msomali umodzi, ndiwo mitengo ya pamwamba paja.

Eklezia sanakhale chete pa zimenezi. Papa Fransisko, m'kalata yake yotchedwa Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti maiko olemera ali ndi ngongole kwa maiko osauka chifukwa cha kuononga chilengedwe, ndi kuti kusamala dziko ndi kusamala amphawi ndi nchito imodzi. Maiko atasonkhana ku Egypt mu 2022 anabvomera kukhazikitsa thumba lothandiza amene aonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Atsogoleri athu ayenera kulondola ngongole imeneyo mosatopa ndi mopanda manyazi, popeza si kupempha koma kuitanitsa. Koma mai wa ku Muloza sangaike mphika pamoto kudikira msonkhano wa maiko, ndipo pali zina zimene zili m'manja mwathu lero lomwe.

Inu anyamata operekeza alendo, musapikisane potsitsa mtengo kufikira kusenza katundu wa anthu awiri pa malipiro a mmodzi. Gwirizanani, ndipo mlendo akafunsa kabokosi ka mkungudza, muuzeni chilungamo, mumuonetse mbande m'malo mwake. Inu amisiri osema, luso lanu lili m'manja, silili mu mtengo. Mlendo adzagula chosemedwa bwino ngakhale chili cha mtengo wobzala. Inu amai, mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndimo mapesi a nandolo amene tili nao ochuluka kuno amayaka bwino m'menemo. Ndipo inu abambo amene mumatuma ana kukatentha tchire chifukwa cha mbewa, mudzifunse ngati nkhani imeneyo siyenera kutchulidwa pa kulapa.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Tikupempha limana lililonse kuti lisanafike tsiku loyambalo likhale pansi ndi a mfumu a m'mudzi ndi alangizi a za nkhalango, lisankhe khwawa limodzi kapena gombe limodzi la mtsinje limene Freddy analisiya lopanda kanthu, ndi kulemba maina a mabanja amene adzabzale, amene adzapalire, ndi amene adzalime mizere yotchinga moto mu Juni udzu usanaume. Mainawo aperekedwe kwa akatekisiti, kuti adzawerengedwe m'tchalitchi Lamulungu loyamba la Adiventi.